Dzanja Lamanja la Bambo Amiri

Nkhani ya ukwati wa Zahra inamupeza Rebeka asanatsike n'komwe pa njinga. Anali akulimbana ndi mchenga wa njira ya ku Chia, matayala akumira, chikwama cha zipangizo chikugundagunda kumsana, pamene mtsikanayo anatulukira pa mpanda wa kwawo akuthamanga, mpango wa kumutu ukuuluka.

"Alamu afika! Amayi, alamu afika!" anakuwa Zahra, nagwira chiwongolero cha njinga ndi manja awiri. "Anti Rebeka, zatheka! Akwawo kwa Zaidi anabwera dzulo kuchokera ku Benga. Nikaha ichitika tikangomaliza kudula mpunga!"

Rebeka anangoisiya njinga kuti igwe yokha mumchenga. Anaimba nthungululu mpaka nkhuku zimene zinkapalasa pansi pa thandala la nsomba zinabalalika.

"Mwana iwe, ukukwatiwa ndithu? Ndi Zaidi yemwe uja wokonza mainjini a maboti? Wamanyazi uja, amene akandiona amapereka moni akuyang'ana zala za kumapazi?"

"Yemweyo, anti. Manyazi athera m'nyumba."

"Ha! Pakamwa pakopo!"

Rebeka sanali m'bale wa banjali. Iye anali wa mpingo wa Anglican, mlimi wa mpunga ndi chinangwa monga wina aliyense, koma analinso mmodzi mwa anthu odzipereka amene amayendera okalamba ndi odwala m'makomo. Ankasambitsa ogona, kutembenuza osatha kudzitembenuza, kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi kukumbutsa za mankhwala. Pakhomo pano ankabwerera bambo ake a Zahra.

Bambo Amiri anali msodzi wakale. Atasiya bwato, anakhala mwazini wa pamzikiti, woitanira anthu ku mapemphero a swala, ndipo mawu awo ankawoloka madzi a Chia mpaka kutsidya. Anali munthu wosamala za chipembedzo kwambiri, wosaseweretsa lamulo ngakhale laling'ono. Nthawi ya dzinja sitiroko inawagwetsa akuchokera kumzikiti. Anabwera kuchipatala cha kuboma ali moyo, koma mwendo wamanja ukukhwekhwereza, pakamwa patapotoka, ndipo dzanja lamanja litangoti lende ngati chingwe chonyowa.

Dokotala wa zolimbitsa ziwalo, amene ankafika kuno mwa apo ndi apo, anamulangiza Rebeka zochita. "Muziwongola mkono, muzipinda chigongono, muzitambasula zala. Mukatha, ikani dzanja lanu m'dzanja lawo, muwauze kuti afinye. Likadzangoyamba kufinya, dziwani kuti njira yayamba kutseguka."

Rebeka ankachita zonsezo osadumpha kalikonse. Nthawi imene iye ali pakhomo inali yokhayo imene Mayi Madina, akazi awo a Bambo Amiri, ankapeza mpata wothamangira kumunda kukaingitsa mbalame mumpunga, ndipo Zahra ankapita kukatunga madzi. Choncho pakhonde ankatsala awiri okha. Mkono unkalola kuwongoledwa, chigongono chinkapindika. Koma Rebeka akangolowetsa dzanja lake m'chikhatho chawo n'kunena kuti, "Finyani, Bambo," mkuluyo ankatembenuzira nkhope kumbali, nalankhula liwu limodzi lokha, lolemera, lotuluka movutikira.

"A... alamu."

Tsiku loyamba Rebeka anaseka mpaka misozi. "Eya, ndakhala alamu anu tsopano? Chabwino alamu, finyani!" Dzanja linangokhala zii. Atafika a pakhomo iye anawauza mokondwa kuti odwala awo ayamba nthabwala, akumutcha alamu. Dzinalo linamukakamira. Mudzi wonse unayamba kumuitana choncho, ndipo iye ankalinyadira, chifukwa munthu wakudza sapatsidwa dzina la chibale mwachisawawa.

Tsiku la nkhani ya ukwatili, atamaliza kuwongola mkono, anamva kabaza waima kunja kwa mpanda. Analowa a Latifu, mng'ono wawo wa Bambo Amiri, wogulitsa mpunga kuboma, munthu wa thupi lalikulu ndi mawu aakulu. Anapereka salamu kwa achimwene awo ataika dzanja pachifuwa, monga ankachitira aliyense masiku amenewo, popeza palibe amene ankafuna kuchititsa manyazi wodwala pomutambasulira dzanja. Kenaka anaitana Mayi Madina ndi Zahra, nakhala pansi.

"Mayi Rebeka, inu ndi amene mumaligwira dzanjali. Mwina za kwathu simuzidziwa bwino, ndiye ndikufotokozereni. Pa nikaha bambo wa mkwatibwi amakhala moyang'anana ndi mkwati pamaso pa shehe. Amagwira dzanja lamanja la mnyamatayo ndi dzanja lake lamanja, n'kunena ndi pakamwa pake kuti ndakukwatitsa mwana wanga. Bambo akalephera, amapereka udindowo kwa m'bale wake. Ndiye tiuzeni zoona. Dzanjali lidzagwira pofika nthawi imeneyo?"

Rebeka anayang'ana pansi. Anali munthu wosakonda kulonjeza zimene sanazione.

"Mawu akubwera pang'onopang'ono, amenewo sindikukayika. Koma dzanjali, a Latifu, ndaliyesa kuyambira dzinja. Silikuyankha. Ngakhale kugwedezeka kokha ayi."

"Ndiye kuti lafa?"

"Pakadali pano... ee, tingatero."

A Latifu anapumira m'mwamba. "Basi. Ndidzakhalapo ndine. Musadandaule achimwene, magazi ndi amodzi."

Bambo Amiri anagwedezeka pampando wawo. "A-yi," anatero, khosi litatupa mitsempha. "A-yi... ine... alamu..."

"Onani, akudandaulira alamu awo," anatero a Latifu mwachisoni, akuwasisita paphewa. "Alamu anuwa ayesetsa, achimwene. Zina ndi za Mulungu."

Zahra anali mzime wa banjali, ndiponso mwana wamkazi yekhayo. Anyamata onse anakwatira kutali. Rebeka ankadziwa, monga ankadziwira aliyense, kuti Bambo Amiri anakhala akuliyembekezera tsiku lomukwatitsa kuyambira mwanayo akukwawa. Kuchokera tsiku limene a Latifu anabwerali, mkuluyo anasintha. Phala ankalikankha ndi dzanja lamanzere. Rebeka akafika ankawapeza atayang'ana kukhoma, ndipo ngakhale liwu lija la alamu linayamba kutuluka ngati la munthu wotopa ndi kulankhula kwa osamva. Pakhomo panali piringupiringu wa ukwati, amayi akusinja, ena akuzira nyumba, koma mwini khomo anali ngati mlendo wongodutsa. Rebeka ankapalasa njinga kubwerera kwawo mtima uli thithithi, akudziwa kuti mawu amene anatseka nkhaniyo anatuluka pakamwa pake.

Ndiye linafika tsiku limene anachedwa. M'mawa wonse anathera kwa agogo ena a bala la pamwendo, ndipo anafika ku Chia dzuwa lili paliwombo, nthawi imene sanafikepo n'kale lonse. Anatsika pa njinga n'kumaikankha mumchenga mwakachetechete. Atasuzumira pa khomo la mpanda anaona Bambo Amiri atakhala pa kampando kuseri kwa nyumba, Mayi Madina atagwada patsogolo pawo ndi ketulo ya madzi, akuwathandiza kutawaza, kusamba kumene Asilamu amasamba asanaswali. Mayiwo anathira madzi pa dzanja lamanzere. Kenaka ananyamula lamanja, nalitsuka chala ndi chala.

Rebeka anaona ndi maso ake. Zala zija, zimene iye anazitcha zakufa, zinapindika pang'onopang'ono, zinazungulira mkono wa Mayi Madina, n'kuugwira mpaka zibangili zinalira.

Njinga inagwera pampanda.

"Lagwira! Mayo ine, lagwira! Amayi, musasunthe! Khalani momwemo!"

Mayi Madina anadzidzimuka mpaka ketulo inatayikira. "Iii, mwana wanga, mutipha ndi mtima! Chagwira n'chiyani?"

"Dzanja! Taonani dzanja!"

Mayiwo anayang'ana mkono wawo, kenaka anayang'ana Rebeka. "Aa, zimenezi? Amandigwira chonchi kuyambira mpunga usanabereke."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani? Ndiimirire pagulu kuti tamverani anthu, amuna anga amandigwira dzanja? Zimenezo amalengeza?" Anakoka mpango kuphimba pakamwa. "Komanso inu munati lafa. Ine ndinangoti mwina kufa kwa kuchipatala n'kwina, ife osaphunzira sitingakudziwe."

Rebeka anadikira kuti zala zimasuke pamkono wa mayiwo, ndipo zinatenga kanthawi. Kenaka anagwada, nalowetsa dzanja lake m'chikhatho chonyowacho. "Bambo, chonde. Monga mwachitira kwa amayimu. Finyani."

Dzanja linati zii. Bambo Amiri anatembenuzira nkhope kumbali.

"A... alamu."

Mayi Madina anayang'ana amuna awo, pakamwa pali yasa. Kenaka anangodzigwetsa pansi mumchenga, nayamba kuseka. Anaseka mpaka kugwira m'nthiti, misozi ikutsika, akumenya pansi ndi chikhatho.

"Alamu wake ndi ameneyu? Mayo! Miyezi yonseyi alamu wake ndi ameneyu?"

"Amayi, mwatani?"

"Mwana wanga, sakunena kuti alamu. Akuti haramu! Choletsedwa! Lilime ndi limene likumeza mutu wa mawu. Bambo anuwa chibadwire sanagwirepo dzanja la mkazi wamwini. Ngakhale pamaliro amangoika dzanja pachifuwa. Ndiye inu muziti finyani, finyani, iwo afinye?"

Rebeka anachotsa dzanja lake msanga ngati wagwira khala la moto. Nkhope inamutentha. Anakumbukira maulendo onse amene anayankha monyadira kuti, eya alamu, finyani alamu, mkulu wa anthu akumuchonderera kuti asiye.

"Koma Bambo," anatero Rebeka, "mkono ndimauwongola ine, chigongono ndimachipinda ine, simukana."

Bambo Amiri anamuyang'ana. Mbali ya pakamwa pawo imene inali yamoyo inakwera m'mwamba, koyamba pa masabata ambiri. Analankhula akusema liwu lililonse ngati bwato.

"Ku... gwiridwa... mankhwala. Ku... gwira... ayi."

"Mwamva?" anatero Mayi Madina akupukuta misozi. "Wodwala kugwiridwa ndi womusamalira n'kololedwa. Koma iwo eni kugwira, imeneyo ndi nkhani ina. Ndipo kukukankhani sakanatha. Munthu wobwera m'matope ndi pamvula kudzakusamalira umamukankha bwanji?"

"Safunsa anadya phula," anatero Rebeka, ndipo nayenso anayamba kuseka, manyazi ndi chimwemwe zitasakanikirana m'chifuwa. Mwadzidzidzi anadzambatuka. "Amayi, tikufuna dzanja la mwamuna! Pompano! Foni ya a Latifu ndani ali nayo? Zahra! Zahra uli kuti?"

Zahra anabwera akuthamanga, manja ali mbuu ndi ufa. Atamva nkhaniyo sanadziwe choyamba, kulira kapena kuseka, ndiye anachita zonse ziwiri uku akuimba foni. "Bambo aang'ono, bwerani! Ayi, sanamwalire! Ingobwerani!"

A Latifu anafika pa kabaza dzuwa litapendeka, atapanira jumbo ya pulasitiki kukhwapa. Anali atangochoka kwa telala kukatenga mkanjo watsopano wa pa nikaha. Anamvetsera nkhani yonse ataimirira, tsinya lili pamphumi. Munthu sangawaweruze msanga a Latifu. Ndi iwo amene anawabereka achimwene awo kumsana tsiku la sitiroko lija mpaka kumsewu, ndipo ndi iwo amene ankabweretsa mankhwala mwezi ndi mwezi. Koma analinso atauza kale anzawo onse a pamsika kuti ndi iwo odzakwatitsa Zahra, ndipo mawu a pa nikaha anali atawaloweza.

"Mayi Rebeka, inu nomwe munati lafa. Lero mukuti lauka. Mawa mudzati chiyani?"

"Musamve za ine, a Latifu. Bweretsani dzanja lanu, limve lokha."

A Latifu anaika jumbo ija pamphasa, nagwada patsogolo pa achimwene awo. Anatambasula dzanja lawo lalikulu mokayikira, naliika m'chikhatho chowondacho. "Assalamu alaikum, achimwene."

Poyamba panalibe kanthu. Kenaka chala chachikulu chinagwedezeka. Zinazo zinatsatira, pang'onopang'ono ngati nkhanu ikutseka mano.

"Eh," anatero a Latifu. "Eh! Achimwene! Mayo, achimwene, mundithyola!"

Sikuti dzanjalo linali ndi mphamvu zothyola munthu, koma linagwira ndithu, kugwira kwa msodzi wokoka khoka. Zahra analumpha akuomba m'manja. Mayi Madina anaimba nthungululu, ndipo amayi amene ankasinja kuseri anabwera akuthamanga, misi ili m'manja. A Latifu anawerama, mphumi yawo inagunda pa bondo la achimwene awo, mapewa akugwedezeka. Atadzutsa mutu maso anali ofiira.

"Alhamdulillah. Mwana ndi wanu, achimwene, mumupereka nokha." Anayang'ana jumbo ija. "Koma mkanjo wokha ndiuvala. Telala sabweza."

Anthu anaseka. A Latifu anafuna kuimirira, koma dzanja lawo linali lidakali m'kati.

"Basi achimwene, ndamva. Tayani."

Bambo Amiri anayang'ana dzanja lawo, thukuta likutuluka pamphumi. Zala zinakana kutseguka. A Latifu anayesa kuzikoka chimodzichimodzi, koma akamakoka m'pamene zinkalimbira.

"Musakoke!" anatero Rebeka. Anakumbukira zimene dokotala uja ananenapo, kuti dzanja la sitiroko limaphunzira kufumbata lisanaphunzire kufumbatula. Anaika manja ake kumbuyo kuti asaiwale n'kugwira. "Ndi dzanja lanu linalo, gwirani pamfundo ya mkono wawo. Lipindireni pansi dzanjalo, ngati munthu wothira madzi. Eya. Tsopano sisitani kumsana kwa zala, kuyambira pamfundo mpaka kuzikhadabo. Pang'onopang'ono. Bambo, pumani."

Zala zinamasuka zokha, ngati duwa.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito inasintha. A Latifu anamusiyira mkazi wawo malonda a m'mawa, n'kumabwera ku Chia pafupifupi tsiku ndi tsiku. Rebeka ankawongola mkono monga kale, koma ikafika nthawi yofinya ankakhala patali pang'ono n'kumalamula ndi pakamwa, a Latifu atagwada m'malo mwa mkwati.

"Kwezani. Gwirani. Nenani mawu aja. Tayani."

"Nda... ku... kwatitsa..."

"Ndavomera, apongozi!" ankayankha a Latifu ndi timawu tating'ono, akuyang'ana zala za kumapazi monga Zaidi, mpaka Zahra ankathawira m'nyumba akuseka.

Bambo Amiri anayambanso kudya. Ankaitanitsa okha phala, ndipo tsiku lina anakalipira Mayi Madina kuti nsomba yachepa mchere, mayiwo n'kupita kukauza anzawo pachitsime ngati nkhani yabwino. Kugwira kunkalimba, mawu ankawongoka. Kutaya kokha ndi kumene kunkavuta. Tsiku lina zinkatheka, tsiku lina ayi, makamaka mtima wawo ukakhala m'mwamba.

"Patsikulo musadzachoke pambali pawo," Rebeka anawauza a Latifu. "Likadzakana, mukudziwa chochita. Musadzakoke."

"Adokotala, ine ndine katswiri tsopano. Ndikhoza kutsegula chipatala."

Mpunga unadulidwa, unapunthidwa, ndipo tsiku linafika. Pofuna kuti Bambo Amiri asavutike ndi ulendo, shehe analola kuti nikaha ichitikire pakhomo, pansi pa mtengo wa mango. Amuna anakhala pamikeka, mikanjo ili mbee, mizuli kumutu. Akazi anadzaza kuseri kwa mpanda wa udzu, pamene ankaphikira mpunga ndi nyama ya mbuzi, ndipo aliyense anali atadzipezera kabowo kosuzumirapo. Rebeka anabwereka mpango kwa Mayi Madina n'kufunda kumutu. Amayiwo anamukankhira kutsogolo, pabowo lalikulu koposa.

"Apatseni malo alamu! Ntchito ndi yawo iyi!"

Bambo Amiri anatuluka m'nyumba akuyenda okha, ndodo kumanzere, a Latifu ali pambali ndi mkanjo wawo watsopano. Anthu anang'ung'udza modabwa, chifukwa ambiri anali atamva kuti mkuluyo sadzukanso. Anawakhazika pampando waufupi. Zaidi anagwada patsogolo pawo, nkhope ili pansi, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kamphepo ka mwera.

Shehe anawerenga mawu oyamba, analangiza za banja, kenaka anati, "Bambo wa mkwatibwi agwire dzanja la mkwati."

Zaidi anatambasula dzanja. La Bambo Amiri linali pabondo. Silinasunthe.

Kuseri kwa mpanda Rebeka analuma nsonga ya mpango. Mayi Madina anamugwira paphewa mpaka zikhadabo kulowa. Ankaona mkuluyo akuliyang'ana dzanja lake, maso a anthu onse aja atamulemera. Wina pakati pa alendo a ku Benga anatsokomola. Shehe anayang'ana kwa a Latifu, ngati wofunsa kuti kodi mulowepo inu?

A Latifu anapukusa mutu. Anangolowetsa chikhatho chawo pansi pa chigongono cha achimwene awo, nanong'ona mawu omwe aja a tsiku ndi tsiku, koma kunong'ona kwa a Latifu kunkamveka mpaka kumpanda.

"Kwezani, achimwene. Gwirani."

Mkono unakwera. Unagwedezeka m'malere, unasochera pang'ono, ndipo Zaidi, wamanyazi uja, anasendeza dzanja lake mwakachetechete mpaka linakalowa pamalo pake. Zala zinatseka.

"Lagwira," ananong'ona Rebeka. "Amayi, lagwira!"

"Chete, timve mawu!"

Bambo Amiri anadzutsa mutu. Mawu anatuluka mmodzimmodzi, olemera, koma mkati mwake munamveka liwu lija linkawoloka madzi.

"Zaidi. Nda-ku-kwatitsa... mwana wanga... Zahra."

Anatsiriza zotsalazo motsatira shehe, osaphonya. Zaidi anayankha kuti wavomera, mokweza kuposa mmene wina aliyense anamumverapo akulankhula. Amuna anayamika Mulungu ndi mawu amodzi, ndipo kuseri kwa mpanda nthungululu zinasweka ngati mvula ya matalala. Amayi anakumbatirana, wina anagubuduza beseni la anyezi, Mayi Madina anali akulira pakhosi pa Rebeka.

Shehe anakweza manja kuti apemphere. Onse anakweza manja. Zaidi anakweza limodzi lokha.

Pemphero litatha, mnyamatayo anayesa kubweza dzanja lake mwaulemu. Silinabwere. Anayesanso, akumwetulira mwamantha. Anzake amene anakhala kumbuyo kwake anayamba kugwedezana ndi zigongono.

"Zaidi, wakodwa mu ukonde!" anatero mmodzi.

"Chambo chachikulu cha lero ndi chimenechi!"

A Latifu, chimwemwe chitawasokoneza mutu, anaiwala ukatswiri wawo wonse. Anagwira zala za achimwene awo n'kuyamba kukoka. Zala zinalimbirako. Zaidi anatulutsa maso. Rebeka anaiwala kuti ndi mlendo pa mwambo wa eni, anaika pakamwa pabowo lija.

"A Latifu! Musakoke! Pindirani pansi!"

Bwalo lonse linaphulika ndi phwete, ngakhale shehe anabisa nkhope m'dzanja. Koma a Latifu asanapinde, Bambo Amiri anakweza dzanja lamanzere kuwaletsa. Anamukokera Zaidi pafupi ndi dzanja lokakamira lomwelo, namuyang'ana m'maso. Phokoso linazilala.

"Wamva... mmene... ndagwirira?"

"Ndamva, bambo."

"Nawenso... umugwire... choncho."

Kenaka anatembenukira kwa mng'ono wawo. "Latifu... tsegula."

A Latifu anapinda dzanjalo pamfundo, nasisita kumsana kwa zala, ndipo zinamasuka. Zaidi anayang'ana dzanja lake, m'mene munali mizere ya zala za apongozi ake, naliika pachifuwa.

Anthu atayamba kudya, Mayi Madina anamukoka Rebeka kupita naye pakhonde, pamene Bambo Amiri anali akupumula, mzuli utapendekera kumbali. Rebeka anagwada patali pang'ono, manja ali kumbuyo.

"Mwagwira ntchito lero, Bambo. Koma mankhwala a madzulo musaiwale, ukwati si chifukwa."

Mkuluyo anamwetulira ndi theka la pakamwa lija. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu," anatero.

Rebeka anayang'ana manja ake msanga, kenaka anayang'ana Mayi Madina. "Amayi, ndithandizeni. Ameneyu ndi uti? Sindinawagwiretu ine."

"Afunseni eni ake."

Bambo Amiri anapukusa mutu, nabwereza, akusamala chilembo chilichonse kuti pasakhale chomezedwa. "A-la-mu... anga."

Atatero anakodola akazi awo. Anakweza dzanja lamanja lokha, popanda wogwira chigongono, nagwira dzanja la Mayi Madina. Analifinya kwa kanthawi, ndipo ulendo uno zala zinatseguka zokha. Anawalozera kwa Rebeka ndi chibwano.

Mayi Madina anatembenuka, natenga dzanja la Rebeka m'dzanja lomwelo, lidakali lofunda, nalifinya mwamphamvu mpaka zibangili zinalira.

"Akuti ndikupatsireni," anatero. "Munalipempha kuyambira dzinja."